Tisewere Masewera Amene Mlendo Angathe Kupambana

Anzanga ena alemba za maitanidwe, ena za mayeso a Fomu 4 amene ayandikirawa, enanso za mpira. Ine ndasankha nkhani imene ambiri angaione ngati yachibwana, nkhani ya bawo, ludo, drafuti ndi makadi. Ndikupemphani, okondedwa awerengi, kuti musafulumire kutsegula tsamba lina, pakuti nkhaniyi yandivutitsa mumtima kwa chaka chathunthu.

Chaka chatha, teremu yoyamba, kunali mnyamata wina wa Fomu 1 wochokera ku parishi yakutali, wofatsa, wosayankhula-yankhula. Loweruka lililonse madzulo, belu la macheza likalira, iye ankalowa m'holo n'kudzaima kumbuyo kwathu ife a tchesi, manja atapinda kumbuyo, n'kumangoyang'ana. Anachita zimenezi Loweruka litatu. Lachinayi lake ine ndinamuitana kuti akhale pansi tisewere. Anandiuza kuti amangodziwa kayendedwe ka tizidutswa basi, anaphunzira kwa aphunzitsi ake a ku pulayimale. Ndinamugonjetsa nditangoyenda kanayi kokha, ndi msampha wakale uja wa mfumukazi ndi bishopu umene aliyense wosewera tchesi amaudziwa. Anzanga anaseka, inenso ndinaseka. Iye anadzuka, anathokoza mwaulemu, ndipo sanabwerenso m'holo muja. Potsekulira teremu yachiwiri bedi lake linali lopanda munthu.

Sindikunena kuti tchesi ndiye inam'chotsa ku seminale. Mnyamata amachoka pa zifukwa zambiri: fizi, matenda, kupukwa kwawo, kapena kuona kuti njira yake ndi ina. Koma chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limenelo anabwera kudzafuna anzake, ndipo ine ndinam'patsa manyazi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi ndi masewera ati amene tiyenera kutulutsa pamene tili ndi munthu wosewera mwa apo ndi apo, amene safuna kukhala katswiri koma angofuna kukhala pakati pa anthu. Anthu otere ndiwo ambiri. Ndi ana a Fomu 1, ndi Abambo okalamba obwera kudzalalika m'bindikiro, ndi amayi athu ndi alongo athu kumudzi pa tchuthi. Maganizo anga ndi akuti masewera abwino kwa iwowa ndi amene munthu angawamve m'mphindi zisanu, amene satulutsa munthu panja anzake akupitiriza, ndiponso amene mlendo angathe kupambanako ngakhale tsiku loyamba.

Ndikayesa ndi muyeso umenewu, tchesi ikugwa, ngakhale ndimaikonda kwambiri. Tchesi ilibe chifundo. Wodziwa amapambana wosadziwa nthawi zonse, palibe mwayi umene ungam'pulumutse wofookayo. Ndi masewera aulemu ndithu, ndipo Teresa Woyera wa ku Avila anawagwiritsa ntchito ngati fanizo pophunzitsa masisitere ake za pemphero. Ndi masewera amene mnyamata angafike nawo kutali: mu December 2024 Gukesh wa ku India anakhala katswiri wa dziko lonse ali ndi zaka 18 zokha, msinkhu wa ena a ife kuno. Koma tebulo la tchesi ndi la anthu awiri, ndipo ena onse amalamulidwa kukhala chete. Francis de Sales Woyera, m'buku lake la chaka cha 1609 lolangiza akhristu eni ake za moyo wodzipereka, anachenjeza kuti munthu akakhala pa tchesi maola asanu kapena asanu ndi limodzi amadzukapo atatopa mutu, kotero kuti sikukhalanso kupuma koma ntchito. Amene anaonapo nkhope za anzathu ena akuchokera pa tchesi kupita ku mapemphero a usiku avomereza kuti woyerayu sananame.

Bawo ndiye yovuta kuiweruza, chifukwa ndi yathu, ndipo munthu akainena zoipa amaoneka ngati wanyoza agogo ake. Thabwa la mizere inayi, maenje 32, nkhomo 64: palibe Mmalawi amene sanalionepo pansi pa mtengo wa mango, pamsika kapena pa siteji ya basi. Koma tinene zoona, bawo imene amasewera akulu-akulu, yoyamba ndi nkhomo 20 m'manja, ya nyumba ndi malamulo ake a kutakata, ndi yovuta ngati tchesi yomwe, mwinanso kuposa. Katswiri amawerenga maenje m'mutu, amadziwa kumene dzanja lake likagone asanagwire n'komwe nkhomo, ndipo manja ake amathamanga moti mlendo amangoona nkhomo zake zikutha osadziwa chimene chachitika. Choipa china n'chakuti pa bawo owonerera sakhala chete. Aliyense amafuna kukuuza dzenje loti utenge, ndipo ukalakwa amakuwa onse pamodzi.

Komabe bawo ili ndi khomo lina lolowera, limene ife timaliiwala dala pofuna kuoneka akulu. Ndikunena bawo ya ana, yoika nkhomo ziwiri-ziwiri m'dzenje lililonse, yopanda nyumba, yopanda nkhomo za m'manja. Lamulo lake n'lapafupi: ukutola nkhomo za m'dzenje limodzi, ukugawa imodzi-imodzi, ndipo yomaliza ikagwera m'dzenje la mzere wakutsogolo momwe muli kale nkhomo, moyang'anana ndi dzenje la mnzako momwe mulinso nkhomo, wadya. Amene mzere wake wakutsogolo watha ndiye wagonja. Chokoma chake n'chakuti dzanja limodzi likhoza kuzungulira thabwa kangapo n'kusintha zinthu zonse, moti ngakhale wodziwa amalephera kuwerenga mpaka kumapeto. Ine agogo anga aamuna anandiphunzitsa imeneyi pa maenje okumba pansi, ndi timiyala, ndipo ndikukumbukira kuti tsiku lina ndinawadya nkhomo zambiri-mbiri mwangozi, iwo n'kugwira pakamwa n'kunena kuti, "Iwe mdzukulu, wayamba liti ufiti?" Lero ndikudziwa kuti mwina anandilekerera, koma tsiku limenelo ndinagona ndikumwetulira. Bwanji ife sitichita chimodzi-modzi ndi ang'ono athu?

Drafuti ndiikhululukira pa chifukwa chimodzi: siifuna ndalama. Katoni yakale, cholembera, ndi zitsekerero za mabotolo 24, za mmodzi zoyang'ana kumwamba, za mnzake zovundikira, basi masewera ayamba. Malamulo ake munthu amawamva msanga. Koma nayonso ndi ya anthu awiri, ndipo ili ndi khalidwe lake loipa, lomenyetsa chitsekerero pathabwa mwamphamvu ndi kum'nena mnzako uku ukumudya. Kwa anthu ozolowerana zimenezi n'zokometsa, koma kwa mlendo n'zopweteka.

Tsono masewera amene ine ndimawaika patsogolo, ngakhale anzanga a tchesi andiseke, ndi ludo. Anachokera ku masewera akale a ku India otchedwa pachisi, ndipo Angelezi anawafewetsa n'kuwalembetsa m'dzina la Ludo m'chaka cha 1896. Amene tikulimbana ndi Chilatini tikudziwa kuti dzinali litanthauza kuti "ndikusewera", ndipo mwina ndi mneni yekhayo amene Fomu 2 yonse siimulakwitsa. Anthu anayi, aliyense tizidutswa tinayi, dayisi imodzi. Sutuluka m'nyumba usanaponye sikisi, ndipo ukagwera pamene pali mnzako umam'bweza kwawo kuti akayambirenso. Malamulo athera pomwepo.

Ena amati ludo ndi masewera a anthu osaganiza. Si zoona kweni-kweni, pakuti ukakhala ndi tizidutswa tiwiri kapena titatu panjira uyenera kusankha koyendetsa: kodi ndithawitse aka kali pafupi kufika, kapena ndithamangitse mnzanga uyu ali patsogolo panga? Nzeru ilipo, koma ndi yochepa moti siingagonjetse dayisi. Ndipo ubwino wake uli pomwepo. Dayisi siidziwa kuti uyu ndi wa Fomu 4, uyu ndi wapampando wa ophunzira, uyu amakhoza masamu. Ndinaonapo Abambo ena okalamba, amene anabwera kudzatilalikira m'bindikiro, atakhala m'nyumba nthawi yaitali osaponya sikisi, pamene kamnyamata ka Fomu 1 kanali katalowetsa kale tizidutswa tiwiri. Atatuluka potsiriza, kamnyamatako kanawagwera pomwepo. Kanachita mantha, kanati, "Pepani Abambo, ndiyendetse kena." Iwo anakana, nati, "Ayi mwana wanga, lamulo ndi lamulo, ndibweze." Holo yonse inafa ndi phwete. Mawa lake mnyamata uja ndiye anali woyamba pa mzere wokalankhula nawo paokha. Ine sindikhulupirira kuti zinangochitika.

Za njoka ndi makwerero, zimene kawiri-kawiri zimakhala kuseri kwa thabwa la ludo, sindinena zambiri. Nazonso n'zochokera ku India, kumene makwerero ankaimira makhalidwe abwino ndipo njoka zinkaimira zoipa. Phunziro lake n'labwino, koma wosewera alibe chosankha chilichonse, amangoponya ndi kuwerenga. Ndi zabwino kusewera ndi ang'ono athu a Sitandade 1 pa tchuthi, amaphunzirirapo kuwerenga mpaka 100.

Monopoly ndiye ndimaikaniratu. Bokosi lake n'lokongola, ndalama zake zamapepala zimakopa, koma masewerawa amatenga maola, ndipo amatha mwa kusaukitsa anthu mmodzi-mmodzi mpaka atatsala mwini chuma yekha. Woyamba kutuluka, amene nthawi zambiri amakhala mlendo uja, amakhala pambali kuonerera anzake usiku wonse. N'zosadabwitsa, chifukwa mayi amene anayambitsa masewera a mtunduwu, Lizzie Magie wa ku America, anawalembetsa mu 1904 pofuna kuonetsa anthu kuipa kwa kuunjika malo m'manja mwa anthu ochepa. Kampani ya Parker Brothers itayamba kugulitsa Monopoly mu 1935, phunziro lija linatayika, n'kutsala kukoma kwa kulanda. Ngati tifuna kuphunzira za mavuto a malo, tiwerenge makalata a Aepiskopi athu. Loweruka madzulo tisamalandane nyumba.

Scrabble aphunzitsi athu a Chingelezi amaikonda, ndipo ali ndi chifukwa. Mu 2015 Wellington Jighere wa ku Nigeria anapambana mpikisano wa dziko lonse, woyamba wa mu Africa kutero, ndipo zimenezi ziyenera kutilimbitsa mtima. Koma Scrabble ya Chingelezi imapatula anthu: wochokera ku sukulu ya m'tauni amakolola, wochokera ku pulayimale ya kumudzi amangogwira zilembo zake zisanu ndi ziwiri n'kumatuluka thukuta. Pa tchuthi chapitachi ndinabwereka bokosi kwa a katekisiti n'kuyesa kusewera ndi a kwathu m'Chichewa. Zinali zoseketsa. Pa zilembo 100 za m'thumba muja, K ndi mmodzi yekha, Z ndi mmodzinso, moti munthu akalemba "zikomo" wamaliza onse awiri, ndipo "nkhuku" siitheka popanda kachidutswa kopanda chilembo. Q ndi X tinangoziika pambali popeza chilankhulo chathu sichizidziwa. Koma usiku umenewo amayi anga, amene sukulu analekeza Sitandade 5, anatigonjetsa tonse, ine wa ku seminale ndi mlongo wanga wa ku sekondale, ndi mawu a kumunda ndi a kumtondo amene ife tinali titawaiwala. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Ndafika tsopano pa nkhani imene ndikudziwa kuti makolo ndi Abambo ena sagwirizana nane, nkhani ya makadi. Kwa ambiri a inu makolo, makadi ndi njuga, ndipo njuga ndi umphawi. Simukulakwa. Munaona amuna akutha ndalama za fodya kuseri kwa golosale, munaona njinga ndi mawailesi zikupita, ndipo lero mukuona achinyamata akubetcha za mpira pa foni mpaka kudya fizi. Mkhristu aliyense amakumbukanso asilikali aja amene anachita maere pa malaya a Ambuye patsinde pa mtanda. Ndiponso Francis de Sales yemwe ndam'tchula uja sanawakonde masewera a dayisi ndi makadi amene phindu lake limadalira mwayi. Sindibisa zimenezi ngakhale zikutsutsana ndi ludo wanga.

Koma tiyeni tione bwino chimene Mpingo umaphunzitsa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka mu 1992, pa nambala 2413 amanena momveka kuti masewera a mwayi, monga makadi, pa iwo okha satsutsana ndi chilungamo. Amaipa pamene alanda munthu zimene iye ndi a pabanja pake akufunikira, ndipo amachenjeza kuti chilakolako cha njuga chimasanduka ukapolo, ndi kuti kubera pa masewera ndi tchimo. Ndiye kuti choipa si pepala lojambulidwa mfumu ndi mfumukazi ayi, koma ndalama imene yaikidwa pakati. Ndipo ndalama munthu akhoza kuiika pa chilichonse. Ndinaonapo anyamata akubetcherana ndiwo za Lamulungu pa drafuti, wina n'kudya nsima ndi msuzi wokha sabata ziwiri. Palibe analanda thabwa la drafuti, chifukwa drafuti ili ndi mbiri yabwino. Kuletsa makadi n'kulekerera zimenezi kuli ngati kutseka zenera chitseko chili pululu.

Chimene makadi ali nacho, chimene bawo ndi tchesi zilibe, n'chakuti amalandira anthu ambiri. Paketi imodzi ya makadi 52 imakwana m'thumba la malaya, ndipo anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amakhala mozungulira mphasa imodzi. Masewera amene ambiri timawadziwa ndi aja timawatcha Knock, oponya khadi lofanana nambala kapena mtundu ndi limene lili pamwamba, ndipo ukatsala ndi limodzi umagogoda patebulo kuchenjeza anzako. Ukaiwala kugogoda, ukutola ena. Malamulo a makadi olanga ndi odumphitsa amasiyana mudzi ndi mudzi, choncho ndi bwino kugwirizana musanagawe, apo ayi mkangano wake umafika kwa oyang'anira mwambo. Dzanja limodzi limatha m'mphindi zochepa, wogonja sachedwa kupeza mpata wobwezera, ndipo wobwera mochedwa amangom'gawira pa dzanja lotsatira.

Kwa makolo amene mtima sungalole ndithu kuona makadi a njuga m'manja mwa mwana wofuna unsembe, pali Uno, imene ili pafupi-fupi chimodzi-modzi. Anaiyambitsa mu 1971 ndi Merle Robbins, wometa tsitsi wa ku Ohio, ku America, pofuna kusewera ndi a pabanja pake. Makadi ake ndi a mitundu inayi yowala ndi manambala akulu-akulu, ndipo ngakhale agogo osadziwa kuwerenga amatha kufananiza chofiira ndi chofiira. Vuto lake ndi mtengo basi, ndi kuti kumudzi siipezeka.

Wina anandifunsa kuti, kodi zonsezi zikukhudzana bwanji ndi unsembe? Thomas Aquinas Woyera, amene abale athu a ku Kachebere ndi ku St. Peter's amalimbana naye, analembapo za nkhani ya masewera m'buku lake lalikulu lija. Anati monga thupi litopa n'kufuna kupuma, mzimunso umatopa, ndipo kupuma kwake ndi chisangalalo. Anakumbutsa nkhani yakale ya Yohane Mtumwi, amene anthu ena anakhumudwa atam'peza akusewera ndi ophunzira ake, iye n'kuwaonetsa kuti uta ukakhala chikokere umathyoka. Koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti Aquinas sanadzudzule okonda masewera mopitirira okha. Anatinso munthu wosafuna kusangalatsa anzake, wolemetsa anthu ndi nkhope yake, nayenso ali ndi chilema. John Bosco Woyera ku Turin anakopa anyamata a m'misewu ndi masewera asanawaphunzitse katekisimu, ndipo ankasewera nawo iye mwini, osati kuimirira patali ndi wezulo.

Ambuye akalola, ena a ife tidzatumidwa ku maparishi a kumidzi kumene tikatha Misa ku tchalitchi la nthambi tidzayenera kukhala pansi ndi anthu kudikira nsima. Kumeneko sikudzakhala katswiri wa tchesi. Kudzakhala mkulu wa mpingo ndi bawo yake, ana a Tilitonse, amayi a bungwe, ndi mnyamata wina woima kumbuyo manja atapinda. Wansembe amene anazolowera kuti pa masewera alionse ayenera kupambana ndiye, ndimaopa kuti adzafunanso kupambana pa msonkhano uliwonse wa khonsolo ya parishi. Kugonja pamaso pa anthu, kwa munthu wamng'ono kwa iwe, n'kuseka ndi mtima wonse, ndi phunziro limene sitilipeza m'kalasi, ndipo ludo amaliphunzitsa mwaulere.

Sindikuti tchesi ndi bawo ya akulu zichotsedwe. Zikhalepo, ndipo mpikisano wathu wa pachaka upitirire. Inenso dzina langa ndalembetsa kale. Chimene ndikupempha kwa a komiti ya masewera n'chakuti pa ndalama zochepa zimene amalandira, chaka chino asagule mpira wokha. Ma ludo athu awiri atha, dayisi inatsala imodzi, ndipo timachita kubwerekana pakati pa matebulo. Kwa Abambo Rector ndi Abambo onse otiphunzitsa ndikupempha modzichepetsa kuti aganizirepo zolola makadi m'holo, poyera, nthawi ya macheza yokha, paketi izisungidwa ndi oyang'anira masewera, ndipo wopezeka akubetcha kanthu kalikonse, kaya ndi ndalama, sopo kapena ndiwo, alangidwe monga mwa malamulo. Makadi oseweredwa pamaso pa aliyense saopsa ngati oseweredwa mobisa kuseri kwa dometole. Ndipo inu makolo, mwana akabwera pa tchuthi, musangom'funsa za malipoti ndi kum'tuma kumunda. Tsiku lina madzulo muyaleni mphasa, mumuone mmene amachitira akagonja.

Anzanga a Fomu 3 ndi 4, ife ndiye tili ndi matebulo. Loweruka likubwerali ine ndikakhala pa tebulo la pafupi ndi chitseko ndi ludo uja wong'ambika pakona. Tizidutswa tobiriwira tinatsala titatu, kachinayi tidzaika nyemba. Malo atsala atatu, ndipo awiri mwa iwo ndasungira a Fomu 1.